Moni Abwera Pambuyo

Kho! Kho! Kho! Ndikafuna agogo m'maganizo mwanga, chimene chimayamba kufika ndi hamala yawo ikugunda mwala. Pambuyo pake pamabwera utsi wakuda wa matayala amene amuna ankayatsa pathanthwe kuti ling'ambike, ndi fumbi loyera limene linkakhala pa nsidze zawo ndi pa duku mpaka kuoneka ngati munthu amene waswera m'chigayo. Tinkakhala ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, m'nyumba ya zipinda ziwiri ya malata akale opanikizidwa ndi njerwa. Malo awo antchito anali m'mphepete mwa msewu, pansi pa kamthunzi ka masaka, pamene ankakhala atatambasula miyendo, mwala uli mkati mwa mkombero wa mphira kuti usathawe, dzanja likukwera ndi kutsika kuyambira dzuwa lisanatenthe mpaka maminibasi atayamba kubweza anthu kuchokera m'tauni.

Anali aNabanda. Anafika ku Lusaka ali mtsikana, potsatira amuna awo amene anachoka ku Dedza ulendo wa kumigodi koma n'kutsakamira panjira. Amunawo anamwalira ine ndisanabadwe. M'nyumba ndinkawaitana agogo monga ankafunira, koma komboni yonse inkawadziwa kuti ba mbuya ba miyala. Ine ndine Yotamu. Bambo anga sindiwakumbukira, ndipo amayi ndimangokumbukira chitenje chawo cha maluwa achikasu. Ndinakula ndili mwana wosalankhula. Anzanga ananditcha Kadzidzi chifukwa ndinkangokhala pambali maso ali tong'o, kuyang'ana ndi kumvetsera. Munthu wamkulu akandifunsa kanthu, ndinkangoyang'ana zala za kumapazi.

Agogo anali ndi khalidwe limodzi limene anthu ankaliona ngati mwano. Kwathu mlendo akafika amagogoda odi, amapatsidwa mpando, amalonjeredwa, amafunsidwa za ana ndi za kumene wachokera, ndipo chimene wadzera amachitula pomaliza, madzi atamwa kale. Agogo sankalola zimenezo. Munthu akangotulukira pakona akubwera kwa iwo, ankaimitsa hamala m'mwamba.

“Kuli wodwala?”

“Iyayi, ba mbuya.”

“Wavulala? Wamwalira?”

“Awe, bonse bali chabe bwino.”

“Khalani pansi tsono. Mwaswera bwanji?”

Amayi a kumpingo ankang'ung'udza kuti aNabanda miyala yawalowa mumtima. Agogo ankamva koma sankasintha. Ine ankandiuza mawu omwewo kawirikawiri: “Yamba ndi chimene chingaphe munthu. Moni abwera pambuyo.” Akandituma, ngakhale kukagula palafini, ndisanadutse pakhomo ankati, “Bwereza.” Ndikabwereza monong'ona ankagogoda mwala ndi hamala n'kunena kuti, “Mwala uwu sunamve.” Ndinkadana nazo. Sindinkadziwa chifukwa chimene ankachitira zimenezi, ndipo iwo sanandiuze mpaka mlungu wa maliro a aZulu, ndili ndi zaka ngati khumi.

Lamulungu la mlungu umenewo tinali m'tchalitchi monga mwa masiku onse. Ulaliki utatha, mimba zikulira, mlembi wa mpingo a Tembo anaimirira ndi zolengeza. Anali munthu wabwino, wa jekete lotuwa, koma ankawerenga zonse ndi liwu limodzi losakwera ndi losatsika ngati mvula ya pamalata. Analonjera alendo mmodzimmodzi. Ananena za kwaya ya amayi, za ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo, za mbale za mpingo zimene sizinabwezedwe. Kenaka ndi liwu lomwelo anati anthu okonza ngalande adula msewu wa kuchigayo, achotsa mapaipi akale, akumba mozama, ndipo aikapo mgolo ndi nthambi. Asanapume n'komwe anapitiriza kuti amene anaiwala ambulera yakuda akaitenge kuseri. Anthu anali akusonkhanitsa kale ana ndi mabuku a nyimbo. Agogo anali m'tulo pambali panga, dzanja lawo lamanja likugwedezeka pang'onopang'ono pabondo ngati likuswabe mwala. Ine ndinamva, poti kumva ndiyo inali ntchito yanga.

Madzulo omwewo mvula inayamba, ndipo sinafune kuleka. Kanyama anakhala pathanthwe, madzi sadziwa kolowera. Amangodzaza m'misewu ndi m'mabwalo, ofiirira, onunkha zimbudzi, atanyamula mapepala a pulasitiki ndi makala a anthu. Mkati mwa mvula imeneyo aZulu, telala wokalamba amene ankatisokera mayunifolomu, anamwalira. Anthu anasonkhana pa nyumba ya maliro, amuna pansi pa tenti yodontha, amayi m'nyumba, ndipo panalibe amene anali ndi chifukwa chopitira kumunsi kuchigayo.

Tsiku loika maliro kunabwera lole ya ba Mulenga a ku Lilanda. Tinkawadziwa, chifukwa masiku ena ankabwera kudzagula miyala kwa agogo. Anali munthu wamfupi, wanthabwala, wa kapusi yofiira, wonyadira lole yake ngati mkazi watsopano. Bokosi linakwezedwa kumbuyo. Amayi anakwera n'kulizungulira, ena atakhala m'mphepete mwa bodi, ena ataimirira mogwirana mapewa. Agogo anakhala kutsogolo kwenikweni, msana utatsamira chipinda cha dalaiva, atavala bulauzi yawo yoyera ya amayi a mpingo. A Tembo, monga mkulu, anakwera kutsogolo ndi Baibulo m'manja.

Ana sapita kumanda. Ine ndinali pamene ndinkakonda kukhala lole ikabwera, pafupi ndi chitseko cha dalaiva, kusuzumira timawotchi ta pa bolodi. Mpamene ndinamva ba Mulenga akulankhula ndi mnyamata wawo wothandiza.

“Kumwamba kuja sinibwelelako. Matope yachilamo, nenze pafupi kugona mwamene muja. Tizapita ya kuchigayo.”

“Koma kuli manzi, bosi.”

“Manzi ni manzi chabe, pansi ni mwala. Nizayambila kuno, niipase moto, tizapita monga boti. Ukayenda monyengelela mu manzi, injini izima.”

Ndinayang'ana kumunsi. Msewu unali wowongoka, wotsetsereka pang'ono, ndipo cha pachigayo unkalowa m'madzi osalala ngati tebulo. Panalibe mgolo. Panalibe nthambi. Ndinayamba kudzikayikira. Mwina ndinamva molakwa. Mwina anakwirira kale. A Tembo amene anawerenga mawuwo anali atakhala pomwepo, akupukuta magalasi, ndipo sananene kanthu. Ndine yani ine kuti ndidziwe zimene mlembi wa mpingo sakuzidziwa? Komanso panali pamaliro, pamene mwana amayenda chogwada ndipo salankhula.

Koma kumbuyo kwa lole imeneyo kunali munthu yekhayo amene ndinali naye padziko.

Ndinachita monga mwana woleredwa bwino. Ndinanjuta pafupi ndi thayala, ndinaomba m'manja, n'kunena chapansipansi, “Pepani ba dalaiva, ndimati ndinene kanthu pang'ono.”

“Iwe kamwana, choka pa tayala! Ufuna tiike babili?” anatero ba Mulenga, n'kutseka chitseko.

Injini inalira. Amayi anayamba nyimbo, ija yoyenda pang'onopang'ono yotsanzikana ndi womwalira, ndipo mawu awo anaphimba zonse. Ndinathamangira kumbuyo n'kuitana agogo, koma ndinaitana ndi liwu langa la masiku onse, limene ngakhale mwala sunkalimva. Ba Mulenga anaponda mafuta kawiri katatu lole ili chiimire, utsi wa dizilo unandimenya kumaso, kenaka mawilo anayamba kugudubuka.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza. Ndikukumbukira mwala m'dzanja langa, matope akundithira m'miyendo, ndi chitseko chobiriwira chikuyenda pambali panga. Ndinachimenya ndi mwalawo ndi mphamvu zanga zonse.

“Dzenje! Kuchigayo akumba dzenje! Imani!”

Liwu limenelo ndinali ndisanalimvepo ine mwini. Ba Mulenga sanaime, anangonditukwana pawindo. Koma agogo analimva. Sanafunse kuti ndani, kapena kuti chiyani. Anatembenuka n'kumenya denga la chipinda cha dalaiva ndi chikhatho, pha! pha! pha! Aliyense amene anakwerapo kumbuyo kwa lole amadziwa kuti denga likamenyedwa, dalaiva amaima. Ndipo limenelo linali dzanja loswa miyala. Lole inaima mwadzidzidzi, amayi anagwerana, bokosi linasuntha, nyimbo inaduka pakati pa mawu.

A Tembo anatulutsa mutu pawindo. “Mwana wa yani ameneyu? Maliro akanyamuka saimitsidwa panjira!”

“Ndi wanga,” anatero agogo.

Anatsika pogwira bodi, mosathamanga, bulauzi yoyera ikukhudza matope a thayala. Amuna amene ankatsatira pansi anali atatizungulira, ndipo wina anali atandigwira kale khutu. Agogo anangomuyang'ana, iye n'kulisiya. Ndinkayembekeza kuti andifunsa ngati ndikunena zoona. Sanatero. Anandigwira phewa n'kunditembenuzira kwa ba Mulenga amene anali atatsika, akusisita pamene mwala unakanda penti.

“Bwereza, Yotamu. Uwayang'ane kumaso.”

Ndinabwereza. Msewu wa kuchigayo wadulidwa. Achotsa mapaipi. Akumba mozama.

“Wazimva kuti?” anafunsa mkulu wina.

“Kutchalitchi. Anawerenga a Tembo.”

Anthu onse anatembenukira kwa mlembi. A Tembo anavula magalasi, anawavalanso, nkhope ikusintha pamene mawu awo omwe ankawabwerera. “Eee, zoona,” anatero. “Ndinalengeza. Ndinalengeza ndithu Lamulungu, pamaso pa mpingo wonse. Palibe anganene kuti sanauzidwe.”

“Munalengeza, abambo,” anatero agogo, “pakati pa mbale ndi ambulera. Nanga inu amene munalengeza, mwakhala kutsogolo, mumapita kuti?”

Ba Mulenga sanagonje. “Ba mbuya, ine nayenda pa museu uyu uyu mwana akalibe kubadwa. Onani mweka. Mugolo uli kuti? Vitsamba vili kuti? Kulibe chilichonse!”

“Mgolo umayandama, ba Mulenga.”

“Manje tizachedwa kumanda chifukwa cha kamwana?”

“Mwina mwanayu walakwa,” anatero agogo. “Akakhala kuti walakwa, tachedwa pang'ono. AZulu sadandaula, sali pachangu. Akakhala kuti walondola, mukufuna tikaike maliro angati lero?”

Mawu amenewo ndimawasunga kuposa ena onse. Sananene kuti mdzukulu wawo sanama. Anavomera pamaso pa anthu kuti mwina ndalakwa, koma anaimabe nane.

Ba Mulenga anazula mtengo umodzi wa tenti, anapinda buluku mpaka m'mawondo, n'kuuyamba wa kumunsi, gulu lonse likuwatsatira. Ankafuna kutichititsa manyazi, ndipo ankachita mwa chionetsero. Analowa m'madzi akubaya pansi ndi mtengo uja, akutembenukira kwa ife pa sitepe iliyonse. “Mwala! Mwamvela? Mwala futi! Ba mbuya, bwelani muswe uyu, ni wa mahala, simuzalipila!” Ena anayamba kuseka. Madzi anali m'akakolo, kenaka m'miyendo. Atafika moyang'anana ndi khomo la chigayo anatembenukanso kuti anene kanthu, anaponda chambuyo, ndipo ba Mulenga anasowa. Pamadzi panatsala kapusi yofiira ikuzungulira.

Amayi anakuwa. Mutu unavuuka, ukulavula madzi ofiirira, manja akupalasa. Amuna anagwirana manja, wina anagwira nsonga ya mtengo uja, n'kuwakokera kunja ngati thumba la simenti. Titaona kuti ali moyo, kuseka kunabuka kumene palibe akanakuletsa. Amayi anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Ngakhale amayi a Zulu, ofedwawo, anagwira pakamwa.

Ba Mulenga okha sanaseke. Anaimirira madzi akuchucha, anayang'ana pamene anamira, kenaka anayang'ana kumtunda kumene kunali lole, bodi yodzaza amayi, ena ali ndi makanda kumbuyo. Anakhala pansi m'matope momwemo, manja ali pamutu, ndipo kuseka konse kunatha.

Agogo anawasiya apume. Kenaka anafunsa, “Tsono tidzera kuti?”

“Nizabwelela chambuyo mpaka pa maketi. Nizayembekeza pa tala. Bokosi banyamule pa mapewa, bapite ka njila ka kusukulu.”

“Bwerezani, amve onse.”

Munthu wamkulu, wa ndevu, anabwereza ngati mwana wotumidwa palafini. Ndipo aZulu anapita kumanda mochedwa, atanyamulidwa pamapewa a anthu amene anawasokera mabuluku.

Ndinkaganiza kuti agogo andiyamikira. Tsiku limenelo sananene kanthu. M'mawa mwake kunacha kopanda mvula, ndipo tinapita kumiyala. Ine ndinkasankha yaing'ono kuika mulu wake, iwo akuswa. Dzuwa litakwera analankhula osandiyang'ana.

“Unayamba ndi pepani. Ndinakuona uli chinjutire.”

Ndinapitiriza kusankha timiyala.

“Lole ikanakhala yopepuka, pepani wako akanatipha.”

Kho! Kho! Kenaka, pakati pa kugunda kwa hamala, anandiuza za amayi anga. Bambo atamwalira, amayi anatsala ku komboni ya George kwa apongozi awo, ali ndi pakati. Tsiku lina mlamu wa amayiwo anafika pamiyala pomwepa. Anali mnyamata waulemu kwambiri. Anagogoda odi, ananjuta, analonjera. Agogo anamupatsa mpando ndi maheu. Anafunsa za malonda, anakamba za kutentha, za ulendo wake wapansi. Atamwa, atapukuta pakamwa, mpamene anati, “Alamu sanadzuke bwino kwenikweni.” Agogo anamva ngati chimfine. Panali lole imene inkadikira kupakira, choncho anamaliza kupakira, anapita kunyumba kukasamba, n'kuuyamba wa ku George dzuwa litapendeka. Anapeza mwana wawo akutaya magazi kuyambira mbandakucha, ndipo a pabanjapo sanamutengere kuchipatala poyembekeza kuti mayi wake afike kaye. Anamwalira pa wilibala, panjira, pamodzi ndi mwana amene anali m'mimba.

“Mnyamata uja ankadziwa,” anatero agogo. “Anaona magazi ndi maso ake. Koma ankaopa kundidzidzimutsa. Anali ndi ulemu.” Anaika mwala wina mu mkombero. “Ndinamupatsa maheu ine.”

Sanalire. Anamenya mwala uja, unasweka, anatenga wina. Kuyambira tsiku limenelo sindinadanenso ndi mawu akuti bwereza.

Ba Mulenga anapitiriza kubwera kudzagula miyala. Ankaimitsa lole n'kukuwa ali pawindo, “Ba mbuya, kulibe wodwala, kulibe wakufa! Muli bwanji?” Ankaonetsa aliyense pamene denga linapindika ndi chikhatho cha agogo, ndipo anakana kuliwongola. Ine ankandikweza kutsogolo pamene anyamata akupakira, n'kumandiuza ntchito ya kawotchi kalikonse, aka ka mafuta, aka ka kutentha, aka ka mpweya wa mabuleki. A Tembo nawo anasintha. Akakhala ndi nkhani ya chingwe cha magetsi chimene chagwa kapena matenda otsekula m'mimba, ankainena poyamba, asanalonjere alendo, ndipo ankaibwereza. Ena ankati mlembi watengera mwano wa aNabanda.

Njira yochokera pa timawotchi ta lole kufika pamene ndili lero ndi yaitali, ndipo anthu ambiri anandinyamula. Ndine woyendetsa ndege zonyamula anthu. Agogo anakhala ndi moyo mpaka kundiona nditavala yunifolomu, ngakhale ndege sanakwerepo. Anagwira nsalu ya jekete ndi zala zawo zokhakhala, n'kufunsa funso limodzi lokha: “Mmenemo amakulola kulankhula?” Ndinawauza kuti amachita kundilamula. Anagwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti ntchitoyo aivomereza.

Anthu amaganiza kuti choopsa pa ndege chili kumwamba. Ife timadziwa kuti zambiri zimagamulidwa pansi, mawilo asanagudubuke. Ndege yodzaza imafuna msewu wautali kuti ithamange isanadzuke, ndipo mphamvu imene timapatsa mainjini timaiwerengera potengera kulemera kwake, kutentha kwa tsikulo, mphepo, ndi kutalika kwa msewuwo. Ukauza kompyuta kuti ndege ndi yopepuka pamene ili yolemera, kapena kuti msewu ndi wathunthu pamene mbali ina yatsekedwa chifukwa akukonza, kompyuta sikutsutsa. Imakupatsa mphamvu yochepa, ndipo umadzazindikira mpanda uli pafupi.

Tisananyamuke timapatsidwa mpukutu wa zidziwitso za mabwalo amene tikuchokera ndi kupitako. Nditauona koyamba ndinamva liwu la a Tembo. Muli zonse, ndipo zonse zalembedwa mofanana: akutchetcha udzu chakuti, nyali ina yazima, kuli mbalame, kuli chikweza cha omanga kutali ndi bwalo. Pakati pa zimenezo pamatha kukhala mzere umodzi wonena kuti msewu wothamangira wafupikitsidwa. Amene analemba sananame. Akhoza kuimirira n'kunena kuti palibe anganene kuti sanauzidwe. Koma kulengeza ndi kwina, kumveka ndi kwina, ndipo munthu wotopa, wothamangitsidwa ndi nthawi, amene wayenda pa msewu umenewo kambirimbiri, amaona zimene anazolowera.

N'chifukwa chake sitidalira mutu umodzi. M'chipinda choyendetsera timakhala awiri, ndipo aliyense amawerengera payekha, osaonera mnzake, kenaka timayerekeza. Zikasiyana, sitisuntha. A pansanja yolondolera ndege akatiuza msewu woti tilowe, timabwereza mawu awo mokweza, ndipo tikafika timayang'ana nambala yolembedwa pansi n'kuitchula. Ndege nayo ili ndi chikhatho chake chomenyera denga. Ukapatsa moto mapiko asanakonzedwe monga afunikira ponyamuka, imakuwa mosanyengerera, ndipo zina zatsopano zimachenjezanso ukalowa msewu wolakwika. Zonsezi n'zabwino, ndipo ndimafuna zichuluke. Koma ndinaona ndi maso anga kuti mgolo umayandama. Chizindikiro chimodzi chikhoza kuchoka, choncho pamafunika china kumbuyo kwake, ndi chinanso, ndipo chomaliza ndi pakamwa pa munthu.

Pakamwa pamenepo mpamene ana a kwathu timavutika. Tinaleredwa kunjuta. Mnyamata kapena mtsikana wanzeru, wophunzira bwino, amakhala kudzanja lamanja la kaputeni wa imvi, amaona nambala yolakwika, n'kuyamba kufunafuna njira yaulemu yonenera. Tsopano ine ndine wa imviyo, ndipo aliyense amene ndikuuluka naye koyamba ndimamuuza tisanayatse kanthu: ukaona chinthu, chitchule dzina, mokweza, usayambe ndi pepani. Ukalakwa, tachedwa pang'ono, ndipo ndidzaima nawe pamaso pa aliyense wofunsa chifukwa chake. Ena andiimitsapo pachabe. Ndinawathokoza mofanana ndi amene anandiimitsa pa chifukwa.

Ndimavutitsanso a mu ofesi imene imatikonzera mapepala a ulendo. Ndakhala ndikuwapempha kuti chimene chingaphe munthu chizikhala pamwamba, pachokha, m'mawu oti munthu amve akangoyang'ana kamodzi, ndipo za udzu zizibwera pambuyo. Ena amanditcha wovuta. Muli mtsikana wina wa ku Mtendere, dzina lake Tisa, amene anayamba ntchito chaka chatha. Masiku oyamba ankafika mwaulemu wonse, kupinda bondo pang'ono, kufunsa za kunyumba, kenaka n'kusiya mpukutu patebulo. Tsiku lina ndinamukhazika pansi n'kumuuza za lole ya ba Mulenga, ndi za maheu. Anamvetsera maso ali tong'o, ndipo ndinamuzindikira: anali Kadzidzi ngati ine.

Agogo anagona kalekale, ndipo pamene panali kamthunzi ka masaka pali shopu ya matayala. Hamala yawo ili kwanga, pamwamba pa kabati, mpini wake utasalala ndi kulowa mkati pamene pankagwira zala.

Mlungu wathawu ndinali m'chipinda chokonzekera, m'mawa, tiyi ali m'manja, ndikuyembekeza mapepala a ulendo wa kumpoto. Chitseko chinatseguka popanda odi. Tisa analowa mwachangu, anaima patsogolo panga, n'kundiyang'ana kumaso.

“Msewu wafupika lero, akukonza mbali ya kumadzulo. Musalowere pakati, mukayambire kumapeto kwenikweni. Bwerezani.”

Mnyamata amene ndinkauluka naye anatsamwa ndi tiyi. Ine ndinaika kapu pansi, ndinabwereza mawu onse, mokweza, kuti ngakhale mwala umve.

Anandipatsa mpukutu uja m'manja, tsamba la msewu lili pamwamba. Atafika pakhomo anatembenuka pang'ono.

“Mwauka bwanji, ba Kaputeni?”

Ndisanayankhe, anali atapita.